Zimene Ndinaona ku Zanzibar

Ife okhala pano pa Kafue tinazolowera kuona madzi akupita. Tsiku ndi tsiku mtsinje wathu upyola pansi pa ulalo wa njanji umene unamangidwa m'caka ca 1906, nutsika pakati pa mapiri, nukathira m'Zambezi kufupi ndi Chirundu. Ndipo Zambezi nayenso asenza madziwo kufikira ku nyanja yamcere. Koma si madzi okha amene anatsikira ku nyanja. M'masiku a makolo athu anthunso anatsikira komweko, ambirimbiri, ali m'magoli, ndipo sanabwerenso. Nkhani imene ndifuna kukusimbirani, owerenga anzanga, ndi ya ulendo umene ndinayenda kukaona kumene anthu amenewo anali kufikira.

Ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo nchito yanga ndi kusunga makalata ndi kulemba maina a anthu m'mabuku. Ndinaphunzira pa sukulu ya Mishoni ku Msoro, kwathu kum'mawa. Nthawi yopuma ndikonda kukhala pansi ndi akuluakulu, kuwafunsa zakale ndi kuzilemba.

MAU A AMBUYA ANGA

Ambuya anga, amai ao a mai anga, anali Acewa a kumbali ya ku Kasungu. Madzulo tikuotha moto anali kutiuza nthano zambiri zoseketsa, koma inalipo nkhani imodzi imene poinena sanali kuimba nyimbo, ndipo ife sitinali kubvomera "tiri tonse."

Anati amai ao anali ndi mlongo wao, mnyamata woyamba kumene kubusa mbuzi. Tsiku lina mtsibweni wao anapalamula mlandu waukuru: munthu anafa pa ndeu ya pamowa, ndipo eni maliro anafuna lipo. Mwa mwambo wa masiku aja mwini mbumba anali ndi mphamvu pa ana a mlongo wace kupambana atate ao owabala. Tsono mtsibweniyo, posowa cuma, anapereka mnyamata uja akhale cikole, nati adzamuombola akapeza mnyanga wa njobvu. Koma mnyanga usanapezeke panafika ulendo wa Ayao ndi Aluya, ndiwo Aarabu, ndipo osunga cikole aja anamsinthanitsa ndi nsalu ndi wonga. Mlongo wace, akali kamsungwana, anabisala kuseri kwa nkhokwe namuona akupita ndi njira ya ku Nkhotakota. Zimenezi zinacitika patatsala zaka zowerengeka kuti Azungu amenyane ndi Mwase Kasungu.

Potsiriza nkhaniyo ambuya anali kundiloza ine ndi cala, nati, "Iwe wodziwa kuwerenga, ukadzakula ukafunse m'mabuku a Azungu kumene anapita. Munthu sasowa ngati singano." Ambuya anamwalira kale, koma mau amenewa sanandicoke m'makutu. Dzina la mnyamatayo ndilidziwa, koma sindililemba pano, pakuti ndi la pabanja pathu.

NJIRA YA KU NYANJA

Tisanafike ku Zanzibar kuyenera kuti tidziwe njira imene anthu athu anayenda. Ca m'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina dzina lace Salim bin Abdallah anakhazikika pa Nkhotakota, nadziwika ndi dzina lakuti Jumbe. Iye ndi amene analowa m'malo mwace anali ndi zombo zamatanga zoolotsa minyanga ndi akapolo kumka kutsidya la kum'mawa kwa nyanja ya Nyasa. Kucokera kumeneko ulendo unali kupyola m'maiko a mafumu a Ayao, monga Makanjira ndi Mataka, kufikira pa dooko la Kilwa. Pa Kilwa anali kuwapakira m'zombo zina kumka ku Zanzibar.

Anthu amenewa sanali owerengeka. Rigby, amene anali kazembe wa Boma la Angerezi pa Zanzibar, anauza Dr. Livingstone kuti akapolo 19,000 ocokera ku dziko la Nyasa lokha anali kupyola pa nyumba ya msonkho ya pa cisumbupo caka ndi caka. Amenewa ndi okhawo amene anafika ali moyo. Livingstone mwini, ataona mafupa m'njira ndi midzi yotenthedwa, anaganiza kuti mwa anthu asanu oonongeka ndi malondawa, anai anali kufera pa nkhondo, ndi njala, kapena m'njira.

Ku mbali ya nyanja yamcere anthu onse a mitundu yathu, Acewa, Amang'anja ndi Anyanja, anali kuwacha dzina limodzi lakuti Wanyasa. Ndipo cinthu cozizwitsa ndi ici: buku loyamba lomasulira mau a cinenero cathu silinalembedwe kwathu ai, koma kufupi ndi Mombasa. Mmishoni wa ku Germany, Johannes Rebmann, anatola mauwo pakamwa pa kapolo wina dzina lace Salimini, wocokera ku dziko la Lilongwe, ndipo bukulo linasindikizidwa m'caka ca 1877.

ULENDO WATHU

M'caka ca 2018, nditasunga ndalama zaka zingapo, ndinapempha chuti ku nchito, ndipo ine ndi mai a kunyumba tinanyamuka. Tinakwera basi kupyola Lusaka kufikira ku Kapiri Mposhi, kumene tinakwera sitima ya TAZARA. Njanji imeneyi ndi ya makilomita 1,860, ndipo anthu a ku China anathandiza kuimanga kuyambira 1970 kufikira 1975. Sitimayo ipyola Serenje, Mpika, Kasama ndi Nakonde, nilowa m'Tanzania. Tinagona m'sitima masiku awiri. Pa Dar es Salaam tinakwera sitima ya pamadzi, ndipo patapita maora awiri tinaona nyumba zoyera zikuturuka m'madzi.

Cisumbuco eni ace acicha Unguja, ndipo mudzi wakale wa pa dooko aucha Mji Mkongwe. Azungu ati Stone Town, cifukwa nyumba zace anazimanga ndi miyala yocokera m'nyanja pamodzi ndi laimu. M'caka ca 2000 bungwe la UNESCO linaulemba m'gulu la malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Pamenepo pali anyamata ambiri amene nchito yao ndi kutsogolera alendo. Ena atenga gulu lalikuru la Azungu nayenda nao ngati mbusa ndi nkhosa. Ine ndinafuna wa ife awiri tokha, cifukwa pa gulu munthu sungafunse funso kawiri. Mai a kunyumba anadandaula, nati, "Bambo, ndalama zonsezi kulipira munthu kuti atiyendetse pansi? Nanga miyendo si yathu?" Koma titangolowa m'tinjira ta m'mudzimo anakhala cete, pakuti tinjirato ntating'ono kotero kuti galimoto silingalowe, ndipo tikhotakhota ngati njira za mbewa. Mlendo wopanda womtsogolera abwerera pamene anayambira kosadziwa.

Wotitsogolera wathu anali mnyamata wa zaka ngati za mwana wanga woyamba, Msilamu, waulemu, ndipo anali ndi kalata ya Boma yomloleza nchitoyo. Tinapangana maora atatu. Iye anali kundicha Mzee, ndiko kunena mkuru, ndipo ine ndinali kumucha mwananga.

LINGA NDI NYUMBA ZA MAFUMU

Poyamba anatitengera ku linga lakale liri pafupi ndi gombe. Anati Apwitikizi analamulira gombe limeneli zaka pafupifupi 200, kufikira Aluya a ku Oman anawalanda linga lao la ku Mombasa m'caka ca 1698. Pambuyo pace Aluyawo anamanga linga ili pamene panali chalichi ca Apwitikizi.

Titaimirira pa gombe anatilangiza zombo zamatanga, natifotokozera cinsinsi ca cuma ca mudziwo, ndico mphepo. Kuyambira December kufikira March iomba mphepo yocokera kumpoto, imene aicha kaskazi, nibweretsa zombo za ku Arabia ndi ku India. Kuyambira April itembenuka, niomba kucokera kumwera. Imeneyi aicha kusi, ndipo ibweza zombozo kwao. Motero amalonda anali kudza ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, nabwerera ndi minyanga ndi anthu.

Mfumu imene inakuza mudziwu ndi Seyyid Said, amene m'caka ca 1840 anasamutsa likuru lace kucoka ku Muscat kudza pano. Iye anakakamiza eni minda kubzala mitengo ya karafuu, imene maluwa ace ouma ndi onunkhira, ndipo awathira m'zakudya ndi m'mankhwala. Karafuu afuna manja ambiri pochola, ndipo manja amenewo anali a akapolo. Tsono si onse amene anaoloka kumka ku Arabia kapena ku Persia. Ambiri anathera m'minda ya pa Unguja pomwepo ndi ya pa cisumbu cinzace ca Pemba.

Pafupi ndi linga pali nyumba yaitali ya makonde ambiri, yochedwa Beit al-Ajaib, ndiko kuti nyumba ya zozizwitsa. Anaimanga Sultani Barghash, mwana wa Seyyid Said, m'caka ca 1883, ndipo inali yoyamba pa cisumbupo kukhala ndi magetsi ndi makina okweza anthu pamwamba. Ife tinaipeza yotseka cifukwa inali itayamba kung'aluka, ndipo pa 25 December 2020 mbali yace ina inagwa.

Pabwalo la nyumba imeneyi ndi pamene panacitikira nkhondo ya pa 27 August 1896. Angerezi anali atatenga Zanzibar m'manja mwao m'caka ca 1890. Sultani atamwalira, Khalid, mwana wa Barghash, anakhala pa mpando popanda cilolezo cao. Sitima za nkhondo za Angerezi zinaombera nyumba ya mfumu, ndipo mphindi 45 zisanathe nkhondo inatha. Anthu a Khalid ofa ndi olasidwa anali ngati 500; kwa Angerezi analasidwa mmodzi. Alendo ambiri pomva kufupika kwa nkhondoyi aseka; koma ine ndinakumbuka za Angoni a Mpezeni mu January 1898, mmene mikondo inakomanirana ndi mizinga, ndipo sindinaseke.

PA KHOMO LA TIPPU TIP

Titalowanso m'tinjira tija tinaona zitseko zazikuru zosemedwa maluwa, zina zokhomedwa misomali yamkuwa yaikuru ngati mazira a nkhuku. Pa citseko cina mnyamata uja anaima, nati, "Mzee, pano panali kukhala Hamed bin Muhammed, amene dziko lonse limdziwa kuti Tippu Tip."

Ndinamuyankha kuti, "Mwananga, ameneyu sitimdziwira m'mabuku mokha ai. Kwathu anafikako."

Ndipo ndinamuuza kuti m'caka ca 1867 Tippu Tip anamenyana ndi Nsama, mfumu ya Atabwa, pakati pa nyanja za Mweru ndi Tanganyika, m'dziko limene tsopano liri Zambia. Anthu a Nsama anali ndi mauta, iye anali ndi mfuti. Anawagonjetsa, natenga minyanga yambiri, ndipo cuma cace cacikuru cinayambira pamenepo. Caka comweco anakomana ndi Livingstone namthandiza pa ulendo wace. Pambuyo pace analamulira dera lalikuru la ku Congo, ndipo m'caka ca 1887 Mfumu Leopold ya ku Belgium inamuika akhale bwanamkubwa wa ku Stanley Falls. Anamwalira pa mphasa yace pano pa Zanzibar m'caka ca 1905, ali wolemera ndi wolemekezeka.

Mnyamatayo anadabwa, naturutsa kabuku kace, nalemba dzina la Nsama. Anati alendo ena akadzabwera adzawauza. Mai a kunyumba anaseka, nati, "Tsono, bambo, alipire ndani, inu kapena iye?"

PA MKUNAZINI

Dzuwa litakwera tinafika pa malo ochedwa Mkunazini, pamene panali msika wotsiriza wa akapolo. Mtima wanga unayamba kugunda, pakuti ndi malo amenewa ndinadzera.

Msikawu unatsekedwa motere. M'caka ca 1872 mphepo yamkuntho inaononga mitengo ya karafuu pa Unguja, ndipo eni minda anafuna akapolo ambiri obzala ina. Cifukwa cace pamene Boma la Angerezi linatuma Sir Bartle Frere mu January 1873 kudzapempha kuti malondawa aleke, Barghash anakana. Pamenepo Dr. John Kirk, yemwe uja anayenda ndi Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire, anamuuza kuti akapanda kubvomera, sitima za nkhondo zidzatseka dooko. Barghash anasaina pangano pa 5 June 1873, ndipo msika unatsekedwa.

Pa malo omwewo a Mishoni ya U.M.C.A. anamanga chalichi cacikuru. Mishoni imeneyi ndi yomwe inayamba pa Magomero m'caka ca 1861 ndi Bishopu Mackenzie. Koma iye atamwalira m'caka ca 1862, Bishopu Tozer anaisamutsira ku Zanzibar m'caka ca 1864. Mwala wa maziko unaikidwa pa tsiku la Khirisimasi 1873, ndipo amene anayang'anira nchito yomanga ndi Bishopu Edward Steere. Iye anamwalira m'caka ca 1882, ndipo manda ace ali m'chalichimo, kuseri kwa guwa. Eni ace ati guwalo liri pamene panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula.

Tisanalowe m'chalichi mnyamata uja anatitsitsira m'zipinda ziwiri za pansi pa nyumba ina, zamdima, zosati munthu nkuimirira bwino. Anati m'menemo ndi mmene anali kutsekera akapolo podikira tsiku la msika. Mai a kunyumba anagwira pakamwa. Koma ine ndinali nditawerenga kuti nyumba imeneyo inamangidwa msika utatsekedwa kale, ndipo kuti akatswiri a mbiri ati zipindazo zinali zosungiramo katundu wa Mishoni. Titaturuka ndinamfunsa pambali, kuti ndisamcititse manyazi. Anayang'ana pansi, nati, "Mzee, zimenezo nanenso ndinazimva. Koma alendo afuna cinthu coti acigwire ndi manja." Ndinamuuza kuti, "Mwananga, zimene zinacitika pano nzoopsa mokwanira. Coonadi sicifuna bodza locicirikiza. Pakuti munthu akakugwira bodza limodzi adzakana ndi zoona zomwe."

M'chalichimo anatilangiza kamtanda kakang'ono ka mtengo. Pomva kumene mtengowo unacokera thupi langa linacita tsembwe, pakuti unacokera kwathu ku Zambia. Livingstone anamwalira pa 1 May 1873 pa mudzi wa Chitambo, ndipo anyamata ace anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, umene ife Acewa tiuti muula. Kamtandako anakasema ndi mtengo umenewo. Thupi lace Susi, Chuma, Jacob Wainwright ndi anzao analiumitsa, nalisenza miyezi 9 kufikira ku Bagamoyo mu February 1874. Kucokera kumeneko linaoloka kudza pano, ndipo linakaikidwa ku London pa 18 April 1874. Ulendo umene ife tinauyenda masiku awiri titakhala pa mpando, iwo anauyenda ndi mapazi ndi mtembo pa phewa. Chuma ameneyu anali Myao, ndipo nayenso anali kapolo akali mwana, kufikira Livingstone ndi Mackenzie anammasula m'caka ca 1861.

Ndinakumbukanso aphunzitsi athu a ku Msoro, mmene anali kutiuzira za Leonard Kamungu, Mcewa wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota. Iye anaphunzira pa sukulu ya Kiungani pano pa Zanzibar, sukulu imene inayamba ndi ana omasulidwa m'zombo za akapolo. Anakhala wansembe, nadza kudzayamba nchito pa Msoro, kumene anamwalira m'caka ca 1913. Pamenepo ndinaona kuti njira yomwe inatenga anthu athu ndi yomwenso inabweretsa sukulu imene inandiphunzitsa kuwerenga.

PA DZENJE

Kunja kwa chalichi kuli dzenje, ndipo m'kati mwace muli mafano asanu a anthu, amuna ndi akazi, omangidwa unyolo m'khosi. Anawaumba mai wina wa ku Sweden, Clara Sörnäs, m'caka ca 1998. Ndinaima pamphepete pace nthawi yaitali, ndipo monga kalaliki ndinayamba kuwerengera zaka.

Nkhondo ya Mwase Kasungu inacitika mu December 1895, mwezi womwewo umene Mlozi anapacikidwa ku Karonga. Ngati mnyamata wathu anatengedwa zaka zowerengeka nkhondoyo isanacitike, ndiye kuti anatengedwa msika uno utatsekedwa kale zaka zoposa khumi. Pa msika uno sanaimepo konse. Pangano la 1873 linatseka msika, koma silinatseke njira. Kumtunda kwathu malondawo anapitirira, ndipo m'zaka za m'ma 1880 anakula ndithu. Ogwidwa m'zaka zimenezo anali kuwagulitsa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kapena kuwaolotsa usiku mobisa kumka ku Pemba. Ndipo cinthu cobisa sicilembedwa m'buku. Ngakhale pamene msika unali wotsegula, a msonkho anali kuwerenga mitu, osati maina. Ukapolo weniweni pa zisumbuzi unathetsedwa ndi lamulo la 1897, ndipo ngakhale pamenepo kapolo anayenera kupita yekha ku bwalo la mirandu kukapempha ufulu wace. Akazi amene ambuye ao anawasandutsa adzakazi a m'nyumba anadikira kufikira 1909.

Tsono ndinazindikira kuti buku limene ambuya anandituma kukafunsa kulibe. Ndinakhala pansi pa mwala, ndipo mnyamata uja anandifunsa cimene cinandibvuta. Ndinamuuza nkhani yonse, osabisa za mtsibweni.

Atamva anakhala cete, ndipo pambuyo pace anati, "Mzee, agogo a mai anga anali Mnyasa. Anadza pano ali kamsungwana. Amene anawagula anali Mluya, ndipo ndi yemweyo amene anabala nao ana. Tsono m'thupi langa muli mwazi wa wogula ndi wa wogulidwa. Ndikatukwana mmodzi ndatukwana kholo langa." Anatiuzanso kuti pa 12 January 1964, pamene anthu akuda a pa cisumbupo anagwetsa ufumu wa Sultani, Aluya ndi Amwenye ambiri anaphedwa, ena osalakwa kanthu, ndipo kuti pa 26 April caka comweco Zanzibar inaphatikana ndi Tanganyika. Anati nkhani ya ukapolo kwao akali kuinena mocenjera, monga munthu aponda pamene pali minga.

Ndinamyang'anitsitsa nkhope, ndipo ndinati, "Nanenso m'thupi langa muli mwazi wa wopereka cikole ndi wa mlongo wa woperekedwa." Mai a kunyumba anati, "Bambo, mwadzera kutali. Muchuleni dzina, amve." Tsono ndinabvula cipewa, ndinagwada, ndipo ndinachula dzina la mnyamata uja katatu, pamodzi ndi pfuko lace ndi mudzi wa kwao, monga ticita poitana mzimu wa munthu wofera kutali. Mnyamata wotitsogolera anaima pambali atatambasula manja monga apemphera Asilamu. Maora atatu anali atapitirira kale, koma sanafune kuti ndimuonjezere ndalama.

MAU OTSIRIZA

Owerenga anzanga, pa ulendo uwu ndinaphunzira zinthu ziwiri. Coyamba ndi ici: nkwapafupi kunena kuti ukapolo unali mlandu wa Aluya, kapena wa Ayao, kapena wa Acikunda ndi Apwitikizi a ku Zambezi. Mlandu wao ulipo ndithu, ndipo ndi waukuru, pakuti ndiwo anabweretsa mfuti ndi msika. Koma Mluya sanali kudziwa njira ya ku khola la mbuzi kumene mnyamata uja anali kubusa. Anamtenga pa dzanja ndi mtsibweni wace. Mwambo wa cikole unali wakale, ndipo kale cikole cinali kukhala pa mudzi woyandikana, abale nkuciombola. Koma pamene munthu anakhala ndi mtengo wa nsalu ndi wonga, mwambo uja unasanduka khomo loturukira ana athu. Wolemba mbiri akabisa mbali imeneyi afanana ndi mboni imene inena theka la mlandu.

Caciwiri ndi ici: dzina limene silinalembedwe likhala ndi moyo pokhapo pali pakamwa polichula. Dzina la mnyamata uja linayenda zaka zoposa 120 kucokera kwa mlongo wace kufika kwa ambuya, ndi kucokera kwa ambuya kufika kwa ine. Ndikadafa ndisanalinene likadatha. Nditabwerera kuno ku Kafue ndinagula buku lacikuto colimba, ndipo pa tsamba loyamba ndinalemba dzinalo, ndi nkhani yace yonse. Mdzukulu wanga wamwamuna atabadwa, makolo ace anandipempha dzina, ndipo ndinampatsa lomwelo.

Ife a m'matauni tiri ndi mapensulo ndi mapepala, koma nkhani ziri ndi okalamba kumudzi, ndipo okalambawo akutha mmodzimmodzi. Mukapita kwanu pa chuti musangofunsa za cimanga ndi ng'ombe zokha. Khalani pansi ndi ambuya anu, muwafunse kumene pfuko lanu linacokera, amene anatengedwa, ndi amene anadza ndi goli nakhala mbale. Zina zidzakucititsani manyazi, koma zilembeni momwemo. Si onse amene angafike ku Zanzibar, koma ali yense angathe kufika pa khonde la ambuya ace.